Kodi Linalidi Tsiku Lawo?

Inu makolo athu ndi inu abambo ansembe amene mumatinyamula pa galimoto, ndiloleni ndikufotokozereni nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira tchuthi cha Khirisimasi cha 2024. Anzanga a Fomu 3 akukumbukira kuti ndinabwerera kuno nditachedwa ndi milungu iwiri, mkono uli wokolekedwa m'khosi ndi nsalu. Onse anamva kuti ndinachita ngozi ndipo kuti amalume anga anatisiya. Koma pali china chimene ndinachisunga mumtima nthawi yaitali, ndipo lero ndaganiza zochiulula.

Amalumewo anali mlongo wawo wa amayi anga, ndipo ndiwo ankandilipirira fizi. Anali ndi kagalimoto kogwirapo kale ntchito kochokera ku Japan, monga tambirimbiri timene tadzaza m'misewu yathu masiku ano, ndipo ankanyamula anthu pakati pa boma ndi msika wa kwathu. Galimotoyo inadalitsidwa ndi Bambo Mfumu a ku parishi kwathu tsiku limene inafika, ndipo pa kalirole wa kutsogolo pankalendewera korona. Tsiku lotsekera sukulu anabwera okha kudzanditenga.

Paja galimoto zoterezi zimalira kuti ti-ti-ti munthu akapanda kumanga lamba. Amalume anali ndi njira yawo yoitontholetsa. Ankadutsitsa lamba kumbuyo kwa msana, n'kumukoleka pamalo pake, iwo n'kumutsamira. Ine ndinamanga wanga, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa chozolowera, poti pano pa seminale Abambo amene amatiperekeza ku chipatala saliza injini wokhala kutsogolo asanamange lamba. Amalume anandiyang'ana naseka.

"Mphwanga, ukuopa chiyani? Apolisi saima pamsewu kukamagwa mvula."

Nanenso ndinaseka. Mau anali atafika pakamwa koma ndinawameza. Ndi mwana uti amene angalangize malume ake, munthu woti wayendetsa galimoto zaka khumi ndi zisanu, amenenso akumulipirira sukulu?

Mvula inali ikuwaza. Tikutsika kamtsetse pa liwiro la makilomita pafupifupi 80 pa ola, munthu wa njinga yonyamula makala anaterereka n'kulowa pakati pa msewu. Amalume anamupewa, koma galimoto inaterera kumbali n'kugubuduzika kawiri. Zonse zitakhala bata ndinapezeka ndikulendewera chadodolido, lamba atandigwira pachifuwa ndi m'chiuno. Pampando wa amalume panalibe munthu. Anawapeza m'munda wa chimanga atatulukira pa zenera. Panapita nthawi yoposa ola tisanapeze pikapu yotitengera ku chipatala, ndipo anatsirizika usiku womwewo. Ine ndinangothyoka fupa la paphewa, ndi kutsala ndi mkwingwirima pachifuwa momwe lamba anadutsa.

Pamaliro ndinamva zifukwa zosiyanasiyana. Ena ankati linali tsiku lawo, imfa sithawika. Ena ankanong'onezana kuti pali dzanja la munthu, namaloza dalaivala mnzawo wa pa siteji amene anakanganapo naye za okwera, kotero kuti mabanja awiriwo anasiya kupatsana moto. Abambo amene anakaona galimoto ankapukusa mitu kuti za masiku ano ndi zitini chabe, taonani m'mene yakhwinyatira. Ndipo amayi ena a mu mphakati wathu anandigwira dzanja nati, "Mwana iwe, Mulungu wakusunga chifukwa akufuna udzakhale wansembe." Ananena ndi mtima wabwino, koma mau amenewa ndiwo anandilanda tulo. Kodi ndiye kuti Mulungu ankawakonda pang'ono amalume, amene asiya ana anayi?

Nditabwerera kuno ndinapita ndi funso limeneli kwa Abambo otiphunzitsa Physics. Iwo sanathamangire kundiyankha za Mulungu. Anatenga choko nandiuza kuti pa ngozi pamakhala kugunda kuwiri. Koyamba, galimoto imagunda chinthu n'kuima kapena kutembenuzika. Koma thupi la munthu limapitirira pa liwiro lomwe lija, monga linenera lamulo loyamba la Newton, mpaka litagunda chiwongolero, galasi, kapena nthaka ya panja. Kugunda kwachiwiriku ndiko kumapha. Tinawerengera limodzi pa bolodi: kugunda khoma pa makilomita 60 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 14, ndipo pa makilomita 80 ndi mamita 25. Palibe munthu wa mikono yamphamvu yoti n'kudzigwira pamenepo. Kenaka anandipatsa chilolezo chogwiritsa ntchito kompyuta ya mu laibulale Loweruka masana, nati, "Kawerenge za anthu amene anakana kuti ngozi ndi tsoka chabe. Ukatha ubwerenso."

Woyamba amene ndinakumana naye ndi Hugh DeHaven wa ku America. Mu 1917, akuphunzira kuyendetsa ndege, ndege yake inaombana ndi ina m'mwamba. Anavulala koopsa koma anachira. Anthu ankamuuza kuti ndi mwayi, monga ankandiuzira ine, koma iye sanakhutire nazo. Anayamba kufufuza nkhani za anthu amene anagwa kuchokera pa nyumba zitalizitali koma osafa, ndipo mu 1942 analemba zimene anapeza: thupi la munthu limatha kupirira mphamvu yaikulu ngati mphamvuyo yamwazikana pa thupi lonse ndiponso ngati thupilo laima pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Pa yunivesite ya Cornell anayambitsa ntchito yofufuza mabala a pangozi, ndipo ankaphunzitsa kuti munthu m'galimoto ayenera kulongedzedwa ngati katundu wosachedwa kusweka. Ife amene timatola mazira ku khola la seminale tikudziwa zimenezi. Mazira a m'thireyi amafika kukhitchini ali bwinobwino, koma ongoikidwa m'ndowa amafika ali phala.

Wachiwiri ndi dotolo wa asilikali a m'ndege a ku America, John Paul Stapp. Pofuna kudziwa malire a thupi la munthu, iye sanatume wina, anadzipereka yekha. Pa 10 December 1954, ku New Mexico, anamumangirira pa ngolo yoyenda panjanji yokankhidwa ndi maroketi. Ngoloyo inafika pa liwiro la makilomita oposa 1,000 pa ola, ndipo anaiimitsa m'kanthawi kosakwana masekondi awiri. Mphamvu imene inamukankha inali yoposa kulemera kwa thupi lake ka 46. M'maso mwake munadzaza magazi moti kwa kanthawi sankaona, koma anakhala ndi moyo chifukwa malamba anamugwira bwino, ndipo anadzamwalira ali nkhalamba mu 1999. Stapp ataona kuti asilikali anzake ambiri ankafera pamsewu, anatembenukira ku galimoto, nayambitsa misonkhano ya akatswiri ofufuza za ngozi.

Wachitatu ndiye amene anandikhudza kwambiri, chifukwa ntchito ya manja ake inandisiyira chizindikiro pachifuwa. Dzina lake ndi Nils Bohlin, injiniya wa ku Sweden. Poyamba ankapanga mipando imene imaponya woyendetsa ndege ya nkhondo panja ndege ikamagwa. Mu 1958 kampani ya Volvo inamulemba ntchito, ndipo mu 1959 anatulutsa lamba amene tikumudziwa lero, wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, woti munthu n'kumumanga ndi dzanja limodzi. Malamba akale ankangogwira pamimba, ndipo nthawi zina ankavulaza za m'kati. Volvo inalola makampani ena onse kutengera luso limeneli popanda kulipira. Ndipo Bohlin sanangonena pakamwa kuti lamba wake ndi wabwino. Mu 1967 anaonetsa zotsatira za kafukufuku wa ngozi 28,000 za ku Sweden, ndipo mwa onse amene anamanga lamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafa pa ngozi za liwiro losafika mamailosi 60 pa ola, pamene osamanga ankafa ngakhale pa liwiro lochepa kwambiri.

Ndinapezanso yankho la abambo aja ankati galimoto za masiku ano ndi zitini. Injiniya wa kampani ya Mercedes-Benz ku Germany, Béla Barényi, anazindikira kuti galimoto yolimba paliponse ndi yoopsa, chifukwa ikagunda chinthu imaima nthawi yomweyo ndipo mphamvu yonse imathera pa anthu a m'kati. Nzeru yake inali yoti kutsogolo ndi kumbuyo kuzikhwinyata dala kuti kumwe mphamvuyo, koma chipinda chokhala anthu chikhale cholimba. Galimoto yoyamba yotere inatuluka mu 1959. Kunena zoona, kagalimoto ka amalume kanachita zimene anakapangira. Kutsogolo ndi m'mbali kunaphwanyika, koma malo amene ndinakhala ine anatsala, ndipo malo a amalume nawonso anatsala.

Tsono musaganize kuti makampani onse analandira nzeru zimenezi ndi manja awiri. Ku America ambiri ankati anthu amagula galimoto chifukwa cha kukongola ndi liwiro, ndipo kukamba za ngozi n'kuopseza ogula. Mlandu wonse ankauika pa dalaivala. Mu 1965 loya wachinyamata, Ralph Nader, analemba buku lotchedwa Unsafe at Any Speed, lodzudzula makampani kuti akudziwa njira zopulumutsira anthu koma akuumira ndalama. Kampani ya General Motors inalemba anthu oti azimuzonda kuti amupeze chifukwa, koma nkhaniyo inaululika, ndipo mu March 1966 mkulu wa kampaniyo anapepesa pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo. Mu September chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lopatsa boma mphamvu yolamula m'mene galimoto iyenera kupangidwira, ndipo kuyambira 1968 galimoto zatsopano za anthu m'dzikomo zinayenera kukhala ndi malamba.

Kuika lamba m'galimoto ndi kwina, kumumanga ndi kwinanso. Chigawo cha Victoria ku Australia ndicho chinayamba kukakamiza anthu kumanga lamba mu 1970, ndipo ku Britain lamulo lotere la okhala kutsogolo linayamba mu 1983. Mu 1997 ku Ulaya kunayamba bungwe la Euro NCAP, limene limaombetsa galimoto zatsopano dala, m'kati muli zidole zonga anthu zokhala ndi zipangizo zoyezera, kenaka n'kulengeza poyera nyenyezi zimene galimoto iriyonse yapeza. Galimoto ina yotchedwa Rover 100 itapeza nyenyezi imodzi yokha, anthu anaitaya ndipo posakhalitsa inasiya kupangidwa. Zinthu zinatembenuka. Makampani amene kale ankabisa nkhani ya ngozi anayamba kunyadira nyenyezi zisanu pofuna kukopa ogula.

Zipatso zake zikuoneka. Ku America mu 1966, pa mtunda uliwonse wa mamailosi 100 miliyoni amene galimoto zinayenda, pankafa anthu oposa asanu, koma pofika 2019 ankangoposa mmodzi pang'ono. Ku Sweden m'zaka zina za m'ma 1960 pamsewu pankafa anthu oposa 1,300 pa chaka. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya dzikolo inagwirizana mfundo yoti palibe munthu ayenera kufa chifukwa cha kulakwitsa kwa pamsewu, poti munthu aliyense amalakwitsa, choncho misewu ndi galimoto zipangidwe mokhululukira. Mu 2020 amene anafa sanafike 300, ngakhale galimoto zinali zitachuluka kwambiri. Kodi tinene kuti anthu a ku Sweden alibe tsiku lawo? Ali nalo ndithu, koma ambiri limawapeza atakalamba.

Chimene chinandiwawa ndi kuona kuti zipatsozi sizinafike mofanana konsekonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti mu 2021 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni anafa pa ngozi za pamsewu, ndipo kuti ngozizi ndizo zinkatsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiye kuti msinkhu wathu ife aseminale. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo pa imfazi, chikhalirecho chinali ndi galimoto zitatu zokha mwa 100 ziri zonse za pa dziko lapansi. Ngakhale galimoto zatsopano zimene timagulitsidwa sizikhala zofanana ndi za anzathu nthawi zonse. Mu 2018 bungwe la Global NCAP linayesa pikapu ya Nissan NP300 Hardbody imene inkagulitsidwa yatsopano ku South Africa, ndipo sinapeze nyenyezi ndi imodzi yomwe pa kuteteza anthu akuluakulu. Mu 2020 anaiombanitsa ndi Nissan Navara ya 2015 yogwirapo kale ntchito ku Ulaya. Zidole zinaonetsa kuti dalaivala wa yatsopano ya ku Africa akanatha kufa, pamene wa yakale ya ku Ulaya akanatuluka akuyenda yekha.

Ndiyenera kunenanso chilungamo kuti lamba si yankho la zonse. WHO imati amachepetsa imfa za okwera galimoto mpaka ndi theka, osati zonse. Komanso oposa theka la amene amafa pamsewu ndi oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto. Lamba sangathandize bambo wa makala uja, kapena mayi wokwera kabaza wopanda chisoti, kapena kwaya imene yadzazana kumbuyo kwa lole popita ku maliro. Apa ndi pamene ndinathandizidwa ndi William Haddon, dotolo amene anali mkulu woyamba wa ofesi ya boma la America yoona za chitetezo cha pamsewu. Iye ankati ngozi tiziifufuza monga timafufuzira matenda, pofunsa za munthu, za galimoto ndi za msewu, ngozi isanachitike, ikuchitika, ndiponso itachitika. Ndinatenga kope langa n'kuyesa pa ngozi yathu. Isanachitike: mvula, liwiro, matayala a kaunjika otha mapanga, ndi msewu wopanda malo a njinga. Ikuchitika: lamba wa kumbuyo kwa msana. Itachitika: ola lathunthu lodikira galimoto. Ndinawerenga mndandandawo kawiri konse. Dzina la dalaivala wa pa siteji uja munalibemo.

Ndinabwerera kwa Abambo aja ndi kope langa, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinaulula kuti ndinawaona amalume akumanga lamba kumbuyo koma ndinakhala chete. Ndinalira ngati mwana wa Sitandade 1. Anandisiya ndilire, kenaka anati, "Mwana wanga, Mulungu sanasankhe pakati pa iwe ndi malume ako. Anapatsa anthu nzeru, anthuwo anaika lamba pa mipando yonse iwiri. Manyazi ako sindiwo anagubuduza galimoto, koma usadzawalolenso kukutseka pakamwa." Anandionetsanso Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa nambala 2290, pamene kuika moyo wako ndi wa ena pachiswe pamsewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro kwawerengedwa ngati mlandu waukulu, pansi pa lamulo lachisanu. Ndinali ndisanaganizepo kuti chiwongolero chingalowe pa kulapa. Sindikunyoza madalitso kapena korona ayi, ine ndemwe ndimayenda nayo m'thumba. Koma kupempha Mulungu kuti atisunge uku tikutsamira lamba kuli ngati kupempherera zokolola khasu liri padenga.

Pa tchuthi cha Pasaka cha 2025 ndinalimba mtima n'kuwauza amayi zonse, tiri awiri pakhonde. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandifunsa funso limene ndinkaliopa: "Nanga bwanji sunawauze?" Ndinalibe yankho. Sanandikalipire, anangolowa m'nyumba. Koma Lamulungu lotsatira, potuluka mu Misa, ndinawaona akupatsana moni ndi mkazi wa dalaivala uja kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro.

Mlungu womwewo Bambo Mfumu a kwathu ananditenga kuti ndikawatumikire Misa ku tchalitchi china cha kumudzi. Tinali titachedwa kale. Analiza injini, nayamba kubwerera m'mbuyo, lamba ali lende pambali pa chitseko. Mtima wanga unagunda monga tsiku lija, ndipo mau anafikanso pakamwa. Ndinakumbukira kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Pepani Abambo, lamba."

Anaponda buleki nandiyang'ana, ine maso ali pansi. Ndinaganiza kuti basi, kalata yopita kwa Abambo Rekitala yalembedwa kale. Koma anangoti, "Wanena zoona, mnyamata," namanga lamba, ndipo tinapita. Tinafika titachedwa ndi mphindi makumi awiri, akhristu akuyimbabe panja potidikira.

Tsono ndikupempheni inu makolo: mwana wanu akakukumbutsani za lamba, za chisoti kapena za liwiro, musamuyese wamwano, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Inu abambo ansembe, amene mumathamangira Misa ziwiri kapena zitatu Lamulungu limodzi m'misewu yoipa, dziwani kuti akhristu angathe kudikira theka la ola, koma kuti wansembe mmodzi apezeke pamapita zaka zoposa khumi. Podalitsa galimoto za akhristu, bwanji osafunsako za malamba ndi matayala? Ndipo inu anzanga aseminale, tikamatsekera sukulu timabalalika pa maminibasi, pa matola ndi pa kabaza. Pomwe pali lamba mangani, pomwe pali chisoti valani, ndipo dalaivala akamathamanga lankhulani, ngakhale okwera anzanu akusekeni.

Fupa langa linalumikizana ndipo mkwingwirima uja unatha kalekale. Korona ya pa kalirole ija azakhali, akazi awo a amalume, anandipatsa ine. Chonde muziwakumbukira amalume anga m'mapemphero anu, pamodzi ndi ana awo anayi.